Nyale ya Sabata yosazimitsa

Kunyumba ya Ayuda komwe ndimagwira ntchito ku Glenhazel, mu Johannesburg, madamu anagula nyale yapatebulo yopangidwira tsiku la Sabata. Amaiyatsa Lachisanu dzuwa lisanalowe, n'kumayaka mpaka Loweruka usiku nyenyezi zitatu zikaoneka. Pofuna kugona sakhudza switchi, poti pa Sabata saloledwa kuyatsa kapena kuzimitsa magetsi, amangopotokola chivundikiro chake, kuwala n'kubisika.

Nzeru yake yagonanso pa lamulo lomwe amalitcha muktzeh, loletsa kusuntha zinthu zina pa Sabata. Pa Sabata sanyamula ndalama, cholembera, foni, ngakhale choikapo makandulo amene anali kuyaka Sabatalo likulowa. Hamala amatha kuitenga ngati akufuna kuswera mtedza, osati kukhomera msomali. Nyaleyinso saisuntha, amagwira chivundikiro chokhacho. N'chifukwa chake Lachisanu ndimaonetsetsa kuti ndaiika pafupi ndi bedi, apo ayi ikhala pomwepo mpaka mawa lake usiku.

Ntchito imagwira ndithu, mwana wawo amawerengera pomwepo mpaka tulo titamutenga. Koma m'mphepete mumatulukabe kakuwala, moti wokonda mdima wa ndiweyani adandaula. Ndipo magetsi a ku Joni mukuwadziwa: akathima, nayonso yathima, popanda woyatsa tochi.