Galu ku Iceland ndi ku Faroe: mawu amodzi, kamvekedwe kosiyana

Ine poyamba ndimaganiza kuti Chifaroe (chilankhulo cha ku zilumba za Faroe) ndi Chiiceland azitchula galu mosiyana kwambiri, koma ayi ndithu, onse amalemba hundur. Onse anatengera ku Chinorse chakale, chilankhulo cha makolo awo, komwe kunali hundr, ndiye mukaona Hund wa Chijeremani kapena hound wa Chingerezi dziwani kuti ndi pachibale basi.

Kusiyana kumayamba mukatsegula pakamwa. Wa ku Reykjavík, likulu la Iceland, u wake amamufinya, milomo yozungulira koma lilime lili kutsogolo, pomwe wa ku Tórshavn, likulu la Faroe, u wake ali pafupi ndi u wathuyu ndipo r wakumapeto amamufewetsa ngati wa azungu a ku England. Papepala zimafanana chonchi chifukwa V. U. Hammershaimb, katswiri wa chilankhulo wa ku Faroe, pokonza kalembedwe ka Chifaroe mu 1846 anatsatira Chinorse chakale osati momwe anthu amatchulira, zomwe ine ndimaona kuti zinathandiza kuwerenga koma zimapusitsa khutu.

Ukafuna kunena galuyo, Chiiceland chimati hundurinn ma n awiri, Chifaroe hundurin n m'modzi. Agalu ambiri onse amati hundar, koma ukati ndaona agalu wa ku Iceland asintha akuti hunda pamene Mfaroe amangosiya hundar yemweyo, apa Chifaroe chinapeputsa zinthu ndipo kwa wophunzira ndi chifundo chenicheni.

Kamwana kagalu ndi hvolpur ku Iceland, hvølpur ku Faroe, ndipo hv ija ambiri mbali zonse amaitchula kv.