Duwa lake ndi lokongola koma ogulitsawo andikhumudwitsa

Ndinagula mbande ya passionflower pamodzi ndi poto wake uja wapulasitiki, ndipo bambo ogulitsawo anachita kulumbira kuti ndi magalagadeya enieni odyedwa aja, Passiflora edulis. Ndikupereka nyenyezi zitatu basi, ndipo zitatuzo ndi za duwa, osati za iwowo.

Patangotha masabata atatu masamba anayamba chikasu, kufota ngati ali ndi ludzu chikhalirecho dothi lili lonyowa. Ndinawatumizira chithunzi, anayankha patapita masiku awiri kuti mayi simukuthirira mokwanira, onjezerani madzi ndi feteleza. Ine n'kumvera. Zinangoipiraipira mpaka tsiku lina ndinati aaa ayi, ndinapendeketsa poto uja pakhonde n'kusolola mbewu yonse, fungo lomwe linatuluka mmenemo anzanga ngati la m'ngalande, dothi lili phalaphala, mizu yomwe imayenera kukhala yoyera komanso yolimba inali yabulawuni n'kumangonyenyeka m'zala. Kutembenuza potoyo, pansi pake palibe bowo ndi limodzi lomwe! Madzi onse amene ndinkathira aja ankangodikha mmenemo. Munthu wogulitsa mbewu tsiku ndi tsiku angalephere kudziwa kuti mizu ya passionflower imawola ikakhala m'madzi? Nditawaimbira akuti mabowo amaboola yekha wogula. Nanga bwanji sanandiuze tsiku logula lija, bwanji ankati ndionjezere madzi? Zinandiwawa kwambiri.

Ndinadula mizu yowolayo, n'kuwokera mbewuyo mu poto wina wa masentimita 40 wa mabowo ambiri, dothi losakaniza kompositi ndi mchenga, ndinaika poti dzuwa lizifika maola 6 kapena kuposa, kuthirira pokhapokha ndikapisa chala n'kumva kuti pamwamba pauma. Inatsitsimuka, n'kuyamba kuyanga pa waya ndi tizingwe take tija topotana ngati sipuling'i. Feteleza wa nayitrojeni wambiri ndinamusiya chifukwa amangochulukitsa masamba, pano ndimathira wa matimati uja wa potaziyamu.

Masamba atakula ndinaona kuti ali ndi zala zisanu, pomwe a edulis amakhala ndi zitatu. Ndiye kuti anandigulitsa Passiflora caerulea, ya zipatso zaolenji zosakoma kwenikweni zija. Ndinapsa mtima kachiwiri moti ndinafuna kuizula.

Koma m'mawa wina ndikutuluka ndinangoona lamasula. Ndinaima pompo kaye. Duwa lalikulu ngati chikhatho cha mwana, masamba ake 10 oyera, pamwamba pake mphete ya tiulusi tambirimbiri, kunsonga tabuluu, pakati toyera, kutsinde tofiirira moderako, ndiye pakatikati timitu titatu taima pamwamba pa tina tisanu ta ufa wachikasu. Njuchi yaikulu inafika n'kumazungulira mkatimo mpaka msana wonse ufa okhaokha. Limakhala tsiku limodzi lokha, mawa lake latseka, koma lina limakhala lamasula kale chifukwa maluwa amabwera pa mphukira zatsopano ndipo mbewuyi imathamanga, sabata iliyonse ndimachita kuilondolera pa waya kuti isakagwire zenera.

Ndiye kuizula ayi, ndaikonda ndithu, ngakhale si imene ndinalipira. Inu mukapita kokagula mbande tembenuzani kaye potoyo muone pansi, ndipo muwafunse dzina lenileni la mbewuyo alembe pa lisiti. Ine ndinawalembera za masamba a zala zisanuwo mwezi watha, anawerenga uthengawo, mpaka lero sanayankhe.