Mbewu ya anyezi wa Red Creole mukadzala mochedwa

Amene mukudzifunsa ngati Red Creole angakupatseni kanthu mutadzala nyengo yozizira ili kumapeto, ine ndikuti eya, koma mitu ikuluikulu ngati ya pachithunzi cha papaketi ija muyiiwale.

Kameredwe ndilibe nako dandaulo, njere zinatuluka pafupifupi bedi lonse. Koma muziona deti papaketi musanagule chifukwa njere za anyezi sizichedwa kufa, zikangogona chaka zimamera mwa apo ndi apo ndiye munthu nkumanyoza mtundu wa mbewu pomwe paketiyo ndi yakale.

Nkhani yeniyeni ili pa mutu. Anyezi sapanga mutu chifukwa choti wakula ayi, amayendera kutalika kwa tsiku komanso kutentha. Red Creole ali m'gulu lija limayamba kutupa pansi kuwala kukamafika maola 10 mpaka 12 patsiku, ndiye mukachedwa kutentha kumamupeza ali ndi timasamba tochepa iye nkuyamba kale kutupa, ndipo poti tsamba lililonse limapanga mkombero umodzi mkati mwa anyezi, masamba akachepa kamutu kamakhalanso kakang'ono. Wanga anatuluka choncho, ang'onoang'ono koma olimba gwaa, ofiira bwino, fungo lake lokhetsa misozi mukamadula.

Za nazale ine sindikulimbikitsa ngati mwachedwa kale. Mbande zimafuna masabata 6 mpaka 8 zisanawokeredwe, kenako ziyambe zafota kaye zisanagwire, nthawi imeneyo mulibe. Fesani pabedi pompo mudzapatulire kusiya masentimita 10 pakati, zomwe mwazulazo mudye masamba.

Chomwe chinanditopetsa ndi mathiripsi, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a m'masamba. Kukatentha kunja kuli kouma timabwera tambiri, timabisala pakhosi pomwe masamba atsopano akutulukira ndipo mumangoona masamba ayamba mawanga otuwa. Mbewuyi ilibe matsenga pamenepa, ndi inu kumasuzumira pakhosipo pafupipafupi. Madzinso musanyozere, mizu ya anyezi siipita pansi kwambiri ndiye bedi likauma pamwamba wamva kale ludzu. Feteleza wokulitsa masamba mumupatse koyambirira, akayamba kutupa musiyeni, apo ayi khosi limanenepa ndipo wotero sachedwa kuola mukasunga.

Pomwe Red Creole wandisangalatsa ndi posunga. Masamba akagwa okha siyani kuthirira, zulani muumitse pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume, akhala miyezi osaphuka. Anyezi wa mtundu wina wotchedwa Texas Grano amakula mitu yaikulu kuposa uyu koma ndi wamadzimadzi, sakhalitsa.

Ndingaguleso? Eya, pa kadimba kapakhomo ali bhobho. Koma ngati cholinga ndi mitu yodzaza m'manja, gulani paketi yatsopano nyengo ikubwerayi mufese kuzizira kukungoyamba.