Kudula mchombo msanga kapena kudikira pang'ono

Mwana akangobadwa, magazi amakhala akuyendabe mu mchombo kuchokera ku nsengwa. Mzamba akamanga ndi kudula nthawi yomweyo, ambiri mwa magaziwo amatsalira mu nsengwa n'kutayidwa. Akadikira mphindi 1 mpaka 3, monga limalangizira bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwana wobadwa masiku atakwana amalandira mamililita pafupifupi 80 mpaka 100. Ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) wa m'magazi amenewa thupi limamusunga, ndipo amathandiza mwanayo kwa miyezi ingapo, chifukwa mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene malungo amamaliza magazi a ana, kudikira n'kopambana. Vuto lake n'lakuti ana ena amachita chikasu, choncho mayi aziyang'ana maso ndi khungu la mwana padzuwa masiku oyambirira. Kudula msanga kumafunika mwana akabadwa osapuma, pamene azamba ayenera kumuthandiza kupuma mofulumira.

Pa miyezi 6 nkhokwe ya ayironi ija imakhala ikutha, kaya mchombo unadulidwa liti, choncho mwana amafunika kupeza ayironi m'zakudya. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limangodzaza mimba. Phala la mgaiwa kapena la mapira likhale lolimba losayenderera pa supuni, muthiremo nsinjiro, usipa wosinja, dzira kapena chiwindi chophwanya. Yambani ndi masupuni 2 kapena 3, kawiri kapena katatu pa tsiku, mukuyamwitsabe. Tiyi musamupatse, amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, pomwe mango ndi malambe amathandiza.