Cinder, Stitching Snow, Spinning Starlight kapena A Long, Long Sleep: mwana wa sekondale timutumire buku liti?

Kuno ku Salima buku lachingerezi loti mwana azingocheza nalo limachita kubwera ndi munthu. Mwina mlamu wapita ku Lilongwe, mwina aphunzitsi alitola pa mulu wa mabuku akale oyala m'mbali mwa msewu, mwina wachibale akuchokera ku Joni ndipo wafunsa kuti akutengereni chiyani. Mwayi wotere umakhala wa buku limodzi, ukakula awiri. Ndiye kwa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata amene atengeka ndi nthano zakale za azungu zovekedwa sayansi, zija za maloboti ndi zombo zam'mlengalenga, ndaika pamodzi mabuku anayi kuti tione lomwe ndalama yanu ingapite osadandaula. Onse analembedwa ndi azimayi a ku America, onse ndi a m'Chingerezi, ndipo onse alembedwera ana a zaka za sekondale. Zina za m'kati ndiulula, koma zinsinsi zazikulu za kumathero ndizisiya.

Lotchuka kuposa onse ndi Cinder la Marissa Meyer, lomwe linatuluka mu 2012. Ndi nthano ya Cinderella, mwana wamasiye uja wozunzidwa ndi mayi omupeza. Apa mtsikanayo ali ndi zaka 16, amakhala mumzinda wa New Beijing patapita zaka zambiri nkhondo yachinayi ya dziko lonse itatha, ndipo mbali ya thupi lake ndi makina chifukwa anavulala kwambiri ali wamng'ono. Ndi makaniko. Ali ndi kabenchi kake pamsika, pomwe amakonza chilichonse chimene chafa, ndipo ndalama zonse zimapita kwa mayi omupezawo, a Adri. Tsamba loyamba limatsegula iye atagwira sikuludiraiva, akulimbana ndi sikuluu yadzimbiri kuti achotse phazi lake lachitsulo lomwe linamuchepera kalekale, poti palibe amene anafuna kumugulira lina. Mwana amene anaimapo pa benchi ya okonza mafoni pa Kamuzu Road, n'kumaonerera timasikuluu tikuikidwa pa chivindikiro cha botolo kuti tisasowe, salowa m'bukuli ngati mlendo. Kalonga Kai nayenso akumana ndi Cinder pa benchi pomwepo, atabwera mobisa kudzakonzetsa loboti yake. Ndipo pa masitepe a kunyumba yachifumu chimene chitsala m'mbuyo ndi phazi lenilenilo, osati nsapato yagalasi ija ya m'nthano ya Cinderella imene Charles Perrault anatulutsa mu 1697. Pa nzeru imeneyi yokha Meyer ndimamuvulira chipewa.

Kusankha China sikunali kongoponya. Imodzi mwa nthano zakale kwambiri za mtundu wa Cinderella, ya mtsikana Ye Xian, inalembedwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo. Koma ndinene moona, China ya m'bukuli ndi yopyapyala. Maina ndi zakudya zilipo, koma mukachotsa zimenezo mzindawo ukhoza kukhala kulikonse.

M'bukuli muli mliri, letumosis, wopanda mankhwala. Odwala amatengedwa ndi maloboti kupita kumsasa komwe achibale saloledwa, ndipo mmodzi mwa ana a mayi omupeza, Peony, amene ndi yekhayo wokonda Cinder, ndiye akugwidwa nawo. Ana a m'mbali mwa nyanja muno amene anaona misasa ya kolera mu 2022 ndi 2023 mitu imeneyi iwagwira pamtima kuposa momwe wolembayo ankaganizira. Kholo lidziwiretu zimenezi.

Vuto la Cinder ndi lakuti silitha. Mwana afika tsamba lomaliza, Cinder ali m'ndende, palibe chimene chakonzeka, ndipo chinsinsi chachikulu chimene bukulo limasunga mpaka kumapeto mwana wochenjera wa Fomu 2 amakhala atachitulukira asanafike pakati. Kuti nkhani ithe pafunika mabuku ena atatu a mndandanda wake wotchedwa The Lunar Chronicles. Scarlet la mu 2013 ndi nthano ya kamtsikana ka chovala chofiira ndi mmbulu, yochitikira pa famu ku France komwe agogo ake asowa. Cress la mu 2014 ndi Rapunzel, mtsikana uja wotsekeredwa mu nsanja, koma nsanja yake ndi setilaiti yozungulira dziko, ndipo mtsikanayo ndi katswiri wothyola makompyuta. Winter la mu 2015 ndi Snow White wa ku mwezi, ndipo masamba ake amapitirira 800. Kwa ine lokoma kwambiri ndi Cress, pomwe setilaiti igwera m'chipululu cha Sahara ndipo mtsikana amene sanapondepo dothi ayenera kutsogolera mnyamata wachita khungu. Koma Cress simungaliyambe palokha. Ndiye amene akutuma Cinder adziwe kuti watenga ngongole ya mabuku anayi, ndipo mwanayo adzamulondalonda mpaka ibwezedwe.

Stitching Snow la R.C. Lewis, la mu 2014, likunena nthano yomweyo ya Snow White imene Meyer anaithera masamba 800, koma ilo limaimaliza m'buku limodzi la msinkhu wamba. Essie anathawa kunyumba yachifumu n'kukabisala pa dziko lozizira la migodi lotchedwa Thanda. Timadoda tifupitifupi tija ta m'nthano apa ndi maloboti 7 ogwira ntchito mumgodi amene iye amawakonza. Ina, Cusser, ndi yotukwana. Ina, Dimwit, ndi yopepera, imasokoneza malangizo, ndipo ndi imene owerenga ambiri amaikonda. Essie si mtsikana wodikira kupulumutsidwa. Amamenya nkhonya ndi azibambo m'khola lachitsulo kuti apeze ndalama zogulira zipangizo.

Poyerekeza ndi Winter, ili ndi lowonda. Anthu ake ndi ochepa, nthabwala ndi zochepa, ndipo mayi omupeza sawoneka mokwanira kuti muwaope momwe mumaopera Mfumukazi Levana wa ku mwezi m'mabuku a Meyer, amene amapotoza maganizo a anthu kuti amuone wokongola ndipo n'chifukwa chake amadana ndi kalilole. Nkhani ya chikondi nayo ili ndi chilema: mnyamatayo, Dane, ayamba ndi kumuba Essie, ndipo bukulo limamukhululukira msanga kuposa momwe ine ndingachitire. Chachikulu china choti kholo lidziwe n'chakuti chimene Essie anathawa si mayi omupeza okha. Bambo ake omubereka ankamuchita zachipongwe. Lewis sanalembe zolaula, koma nkhaniyo ilipo ndipo siyobisika. Kwa mtsikana wa Fomu 3 kapena 4 amene ali ndi wamkulu woti acheze naye akawerenga, ndi buku lothandiza. Kwa wa Sitandade 8, ayi, dikirani kaye.

Lewis yemweyo mu 2015 anatulutsa Spinning Starlight, ndipo ili lili ndi maziko anzeru kuposa onse anayi. Likuchokera pa nthano ya Hans Christian Andersen ya mu 1838, ya mtsikana amene alongo ake 11 anasandutsidwa mbalame zam'madzi ndipo iye sayenera kuyankhula mpaka atawawombola. Apa alongowo ndi 8, atsekeredwa m'njira zimene anthu amadutsamo pochoka dziko lina kupita lina, ndipo mlongo wawo Liddi amuika kachipangizo pakhosi koti akangotulutsa mawu onse afa. Mungafunse kuti bwanji osangolemba pa pepala. Kwawo kwa Liddi kulemba kunatha kalekale chifukwa makina onse amamva mawu a pakamwa, ndiye mtsikana wolemera, mwana wa akatswiri, ayenera kuyamba kuphunzira zilembo ngati wa Sitandade 1. Wolembayo ndi mphunzitsi wa masamu amene anaphunzitsapo m'chinenero chamanja, ndipo zimaoneka kuti akudziwa kupweteka kokhala ndi mawu m'mutu koma osatha kuwafikitsa kwa mnzako. Tsoka lake, bukuli limayenda pang'onopang'ono, ndipo mafotokozedwe a njira zam'mlengalengazo amatopetsa ngakhale wamkulu. Ndi la mwana amene kuwerenga kunamulowa kale. Woyamba kumene alisiya panjira.

Lomwe ine ndingatume ngati mwayi uli wa buku limodzi ndi A Long, Long Sleep la Anna Sheehan, la mu 2011, lomwe silinatchuke ngati Cinder. Ndi nthano ya mwana wa mfumu wogona tulo tazakazaka. Rosalinda Fitzroy, wa zaka 16, adzutsidwa ndi mnyamata wina, Bren, m'chipinda chapansi choiwalika, atagona zaka 62 m'bokosi la makina loimitsa thupi kuti lisakalambe. Makolo ake anamwalira, chibwenzi chake Xavier kulibe, dziko linadutsa m'nyengo ya miliri imene inapha anthu miyandamiyanda, ndipo iye ndiye mwini wa kampani yaikulu ya makolo akewo, UniCorp. Thupi lake ndi lofooka, chakudya chimamubwerera, kusukulu anzake amayankhula mawu achinyamata amene iye sanawamvepo.

Mabuku enawa amatenga zinthu za m'nthano n'kuzisinthanitsa ndi zitsulo: nsanja ikhala setilaiti, dzungu la Cinderella likhala galimoto yakale, timadoda tikhala maloboti. Zimakoma, ndipo mwana amasangalala kuzitulukira chimodzichimodzi. Sheehan anafunsa funso lina, loti kodi anagoneka mwanayu ndani, ndipo ankapindula chiyani. M'nthano yakale ndi mfiti yokwiya chifukwa sanaiitane kuphwando. Apa mfiti palibe. Pang'onopang'ono Rose akumbukira kuti aka sikanali koyamba kulowa m'bokosimo. Makolo ake akafuna kupita kutchuthi, ankamugoneka. Akawayankha mokweza, ankamugoneka. Miyezi, nthawi zina zaka. Ndipo ankamuuza mwachikondi kuti n'zomukomera iye mwini, mpaka iye anayamba kulipempha yekha bokosilo akakhumudwa. Umboni wake ndi Xavier: Rose anamudziwa ali khanda la pafupi ndi kwawo, koma chifukwa cha kugonekedwagonekedwa khandalo linakula mpaka kumupeza msinkhu. Palibe ndodo, palibe kutukwana, koma ndi nkhanza, ndipo bukulo limamulola mtsikanayo kuizindikira yekha mochedwa monga zimakhalira. Kwathu kuno komwe mwana woleredwa ndi achibale amauzidwa kuti azithokoza ndi kukhala chete, buku lotere limatsegula pakamwa pa kalabu yowerenga kuposa la nkhondo za ku mwezi.

Nalonso lili ndi pofooka. Chiyambi chake n'chozizira, Rose amadzinyoza kwambiri moti owerenga ena amatopa naye asanamvetse chifukwa chake, ndipo chiloboti chimene chatumidwa kudzamugwira chimaoneka ngati anachiwonjezera kuti anyamata asagone. Amene akufuna kuthamangitsana ndi kuseka apite kwa Meyer. Koma nkhani ya Rose imatha m'buku lomweli. Sheehan analemba lina lotsatira, lokhudza mnzake wa Rose, Otto, koma simukakamizidwa kulifuna.

Pa Chingerezi, chofewa kwambiri ndi cha Cinder: mitu ifupiifupi, ziganizo zowongoka, ndipo mwana wa Fomu 1 wokonda kuwerenga alikwanitsa dikishonale ili pambali. Stitching Snow likutsatira. A Long, Long Sleep lili ndi mawu ena opeka amene sadzapezeka mu dikishonale iliyonse, ndiye muuzeni mwanayo asavutike kuwafufuza, tanthauzo limadziwika lokha m'chiganizo. Aphunzitsi ena amaopa kuti mabuku otere alanda nthawi ya mabuku a MSCE. Ine ndimaona kuti mwana amene wamaliza masamba 300 mwa kufuna kwake sachita mantha ndi ndime ya pa mayeso.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ana athu ambiri amafika kwa Cinder asanamvepo za Andersen kapena abale a Grimm, osonkhanitsa nthano za Snow White ndi Rapunzel, ndiye theka la kukoma, lija lotulukira kuti ichi chikuimira chakuti, limawadutsa. Pamene nthano zimene akuzidziwa ine sindinaonepo woziveka sayansi. Kamdothi, mwana woumbidwa ndi mayi wosabereka, amene ayenera kuthawa mvula ikamabwera, ndi nkhani ya loboti yathunthu: mwana wopangidwa ndi manja, wokondedwa ngati wobadwa, wokhala ndi chilema chimodzi chimene mlengi wake akuchidziwa. Alembi a sayansi yopeka tili nawo, Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, yochitikira mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo, koma limenelo si nthano yobwerezedwa. Aphunzitsi a kalabu ya zolembalemba ku Chipoka kapena ku Nkhotakota atha kuwerengetsa mutu woyamba wa Cinder n'kuuza ana kuti achite chimodzimodzi ndi Kamdothi.

Amene mwasankha Meyer ngakhale ndachenjeza, muuzeni wotumidwayo aone bwino dzina pachikuto. Ndondomeko yake ndi Cinder, Scarlet, Cress, Winter. Pali kabuku kena kakang'ono, Fairest, ka mu 2015, konena mbiri ya Levana. Popeza zochitika zake ndi zakale kuposa za Cinder, ogulitsa ena angakuuzeni kuti ndiye koyambira, koma kamaulula zinsinsi za mabuku atatu oyamba, ndipo nkhanza zake n'zolemera kuposa za enawo. Malo ake ndi pakati pa Cress ndi Winter. Stars Above la mu 2016 ndi nkhani zifupizifupi za anthu omwewo, loyenera amene wamaliza onse. Ndipo ngati pa mulu pali Winter lokha, lisakukopeni ndi kunenepa kwake. Lisiyeni, mufunse ngati pali Sheehan kapena Lewis.