Kuyenda ndi nyenyezi mu Silent Hunter III: gemu yakale koma sizocheza

Gemu iyi ndi ya 2005, anapanga a Ubisoft ku Bucharest, nde musayembekezere zithunzi zowala ngati magemu a masiku ano, koma ubwino wake imayenda bwinobwino ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo ukangoitsitsa pa Steam sidyanso bandulo. Umakhala kaputeni wa sitima yapansi pamadzi ya Germany, zija amati U-boat, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1939 umanyamukira ku Kiel kapena Wilhelmshaven, France itagwa mu 1940 madoko amakhala a Lorient, Brest ndi St. Nazaire. Amakupatsa kabokosi ka pa mapu koti ukalondere, basi uzipita.

Chomwe chimandinyansa pa gemuyi mmene imabwerera nchakuti sitima yako imaoneka pa mapu nthawi zonse ngati uli ndi GPS, mu 1941 eti! Umangodina apa ndi apo, kuthamangitsa nthawi mpaka ka 1024, ulendo wa milungu watha usanamalize ndi tiyi yemwe. Nde anthu anapanga ma mod, timafayilo tosintha gemu, ochotsa kachizindikiro ka sitima kaja, ena amawonjezeranso sextant, chida choyezera kutalika kwa nyenyezi kapena dzuwa kumwamba, poti gemu payokha ilibe, ndipo apa mpomwe imayamba kukoma zenizeni.

Choyamba umayenda ndi masamu okha: kampasi ikuloza kuti, liwiro lanji, maola angati. U-boat ya mtundu wa Type VIIC pamwamba pa madzi imakwana ma knot 17 (knot ndi muyezo wa liwiro la sitima), pansi 7 yokha ndipo mabatire sachedwa kutha, nde nthawi iliyonse ndege yakuthamangitsa ku Bay of Biscay, nyanja ya kumadzulo kwa France, wamira, uyenera kulemba nthawi yomwe wamira ndi yomwe wavuuka. Mafunde akakula liwiro limatsika osakuuza. Pakatha masiku awiri atatu a mitambo yokhayokha kadontho ka pensulo pa mapu paja sumakakhulupiriranso, umangodziwa kuti uli penapake pa Atlantic, kaya pati.

Kenako kumwamba kwayera. Aise, sindinaganizepo kuti ndingasangalale chonchi kuona nyenyezi pa sikirini. Umafuna Polaris, nyenyezi ya kumpoto ija, ife kwathu kuno sitiiona nkomwe poti tili kummwera kwa equator nde poyamba umayenera kuphunzira kuipeza potsata gulu la Ursa Major. Kutalika kwake kuchokera pomwe thambo lakumana ndi madzi ndi pafupifupi latitude yako, ikakhala madigiri 48 ndiye uli mzere wa Lorient ndi Brest, ungolozetsa kummawa uzipita kunyumba. Koma nthawi yoyezera ndi yochepa, m'bandakucha kapena chisisira, pomwe nyenyezi zikuoneka komanso mzere wa madzi ukuonekabe, pakati pausiku mzerewo umasowa. Ndipo sitima ikugwedezeka, alonda ali pamwamba, iwe maso ali kumwamba pomwe destroyer, sitima yankhondo yosaka ma U-boat, itha kutulukira mu chifunga.

Longitude ndiye mutu umawawa. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza mphindi 4 ndi digiri imodzi, nde umayerekeza nthawi yomwe dzuwa lafika pamutu pamalo ulipo ndi nthawi ya Greenwich. Ukaphonya mphindi imodzi yokha wasochera makilomita ambirimbiri. Ine ndimatsegula Stellarium pambali, pulogalamu yaulere yoonetsa nyenyezi, kuikamo deti la mu gemu nkumafananiza nyenyezi ngati Vega, Arcturus ndi Capella, ena amati nkubera kumeneko koma woyendetsa weniweni naye anali ndi buku la matebulo a nyenyezi, sankaloweza pamtima.

Pali chimodzi chomwe muyenera kudziwa musanayambe kutukwana kakyuleta. Dziko la mu gemuyi ndi lafulati. Digiri iliyonse ndi makilomita 120 kulikonse, pomwe padziko lenileni ya latitude ndi pafupifupi 111 ndipo ya longitude imafupika ukamapita kumpoto, cha ku Scapa Flow, kumpoto kwa Scotland, imatsala pafupifupi theka. Nde masamu a m'buku ndi mapu a mu gemu sagwirizana ndendende, madigiri uziwatenga ku nyenyezi koma mtunda uziyeza ndi rula ya mu gemu momwemo. Ichi chimandichotsa mtima pang'ono, sindinama, makamaka maulendo a ku Norway omwe amatalika mopanda chifukwa.

Ngati mumakonda kuwombawomba mphindi iliyonse musataye ndalama, muno mutha kukhala madzulo onse osaona ndi sitima imodzi yomwe. Koma amene masamu a ku sekondale sankakuopsani, yesani. Yambani ndi kasitima kakang'ono ka Type II mu 1939 pa North Sea, gombe lili pafupi nde mukasochera mudzaona mtunda nkukonza kadontho kanu, za ku Atlantic zija mudzapite mutazolowera Polaris.