Modemu ya waya kapena SIM ya ku Mozambique, mukafika ku Tete?

Mwadutsa malire pa Zóbuè kapena pa Calómuè ndi laputopu yakale ija yoimba pa foni ya waya? Njira zolowera pa intaneti zilipo ziwiri, koma sizifanana kutalika.

Yoimbayo imafuna kuleza mtima. Yambani n'kusintha dziko mu Windows likhale Mozambique, poti kaliridwe ka laini kamasiyana dziko ndi dziko. Modemu (kachipangizo koimba laini ya foni) ikakana n'kulemba Error 680, ndiye kuti sikumva kulirako. Onjezani ATX3 pa malamulo a modemu kuti iziimba osadikira. Kuhotela muyambe ndi nambala yotulukira kunja, kawirikawiri 0 kapena 9, kenako kachizindikiro ka koma (,) kuti ipume pang'ono. Musanalowetse waya, funsani ngati laini ya m'chipindamo ndi ya digito, chifukwa yotero imatha kuwotcha modemu. Zonsezi zikatheka, liwiro silipitirira 56 kbps, komanso pafunika kampani ya intaneti yoyankha mbali inayo. Masiku ano muipeza kuti?

Ya SIM ndiye yachidule, ndipo ine ndingakulangizeni imeneyi. Gulani ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, mulembetse ndi pasipoti, muike bandulo, n'kuyatsa hotspot pafoni kuti igawire laputopu intaneti. Ikavuta, nthawi zambiri ndi APN (dzina lolowera pa intaneti ya kampaniyo, lolembedwa mufoni) yolakwika kapena foni yokhomedwa ku kampani imodzi. Chochenjera nacho chili m'midzi ya ku Angónia yoyandikana ndi malire: foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Malawi n'kudya mayunitsi mwakachetechete, choncho sankhani netiweki pamanja.